Situdiyo ya Bambo M'kalasi ya Zachuma

3 Febuluwale

Pulofesa,

Moni kumeneko. Ndikhulupirira uli bwino, chifukwa ukanakhala kuti ukudwala ukanatikumbukira. Kuno tilipo, kupatula bondo la Bambo lija limene limayamba kudandaula mitambo ikangoda.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata ngati tili m'masiku akale. Ndikakuimbira foni umanong'ona kuti uli mumsonkhano n'kudula, ndipo tsiku limene wayankha, Bambo amakhala ali pompo akupukuta kamera yoyera kale, khutu lili kwa ine. Ndiye ndapatsira kondakitala wa basi ya m'mawa. Ukamuona umuthokoze.

Nkhani ndi iyi. Situdiyo yafa, koma mwini wake sakufuna kumva. Amene akubwerabe ndi ofuna tizithunzi ta pa chiphaso basi. Zaukwati zinatha kalekale, poti banja lililonse lili ndi mlamu wake wa foni yabwino. Nsalu ya mathithi ija, imene tinkaimikapo anthu powajambula, yasuluka moti madzi ake akuoneka ngati utsi. Tsiku lonse ine ndili pa kauntala kuthamangitsa ntchentche, Bambo ali pakhomo ndi tayi wawo, kupatsa moni anthu amene akudzijambula okha mumsewu.

Tsono mnzanga uja tinkakhala naye desiki imodzi ali pa kampani yosindikiza mabuku ndi makalendala, kutali ndi kuno. Akufuna munthu wodziwa kukonza zithunzi pa kompyuta. Ndinawatumizira ntchito zanga ndipo azikonda. Akuti malo andisungira mpaka kumapeto kwa Epulo, kupitirira apo atenga wina. Komanso Wamafoni, wa shopu yoyandikana nafeyi, akufuna chipinda chathu kuti akulitse yake, ndipo akuti Bambo angawasiyire kakona ka zithunzi za ziphaso kuti asamangokhala kunyumba.

Za ntchitoyi Bambo sindinawauze, ndipo sindingawayambe ndekha. Ukuwadziwa. Ndikangotchula za kutseka amati, "Tidikire wophunzira." Wophunzirayo ndiwe. Si zachuma zomwezi umaphunzitsa ana a eni ake ku yunivesite? Bwera udzaphunzitse bambo ako. Zaka zikundithera pa kauntala pano, achimwene, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Ndine,
Chemwali wako

15 Febuluwale

Achemwali,

Moni wanu ndalandira, pamodzi ndi chitonzo chake. Kalata inagona masiku angapo m'thumba la kondakitala wanu, yafika ikununkha dizilo. Bambo muwapatse moni, ndipo bondolo azilifunditsa.

Za ntchito yanu ndasangalala kwambiri. Mukuyenera, ndipo mwachedwa kale. Koma mundimvere kaye zanga, mudziwe kuti sindikuthawa dala.

Chaka chatha ophunzira anga ambiri analephera, ndipo abwana a gawo lathu anandiuza mosabisa kuti zikabwerezanso chaka chino, kontilakiti yanga aionanso bwino. Ndimalowa m'holo, n'kujambula mizere iwiri yopingasana pa bolodi, wina wa ogula wina wa ogulitsa, ndikatembenuka theka lagona, theka lili pa foni. Tsiku lina ndikudandaula pomwera tiyi, mayi wina wophunzitsa zisudzo anandifunsa kuti, "Ana amenewa anayamba agulitsapo kanthu?" Ndinati sindikudziwa. Iwo anati, "Ndiye agulitse."

Anandiphunzitsa masewero osalemba, osaloweza. Munthu umangomuuza kuti ndiwe wakuti ndipo ukufuna chakuti, basi, aime kutsogolo ayambe. Lamulo ndi limodzi: chimene mnzako wabweretsa usachikane, chilandire n'kuwonjezerapo. Akati kunja kukugwa mvula, iwe usati ayi kuli dzuwa, yamba kunyowa.

Ndinayesa. Atatu ndinawapanga ogulitsa maambulera, ena onse oyenda mumsewu. Kwa kanthawi ogulitsa ankachita kupempha anthu kuti angogwirako. Kenaka mtsikana wina anakuwa kuti, "Mvula!" Achemwali, mukanaona! Holo yonse inakhamukira kwa atatu aja, mtengo unakwera ndisanatchule liwu lililonse, ndipo mnyamata wina anayamba kubwereketsa jekete lake. Titakhala pansi ndinajambula mizere ija, iwo eni n'kumandiuza kumene mzere wa ogula ukuyenera kusunthira. Chiyambireni ntchitoyi sindinatulukepo m'kalasi ndili wosangalala chonchi.

Kwathu ndibwera pa tchuthi chapakati pa temu. Koma ndikufuna nkhani ya situdiyo ndiimvetse bwinobwino. Mundilembere zonse. Bambo amati chiyani kwenikweni mukatchula za mafoni? Ndikufuna mawu awo enieni. Nanga makina aakulu otsukira zithunzi aja alipobe?

Ndine,
Mlongo wanu

24 Febuluwale

Pulofesa wa Maambulera,

Ndiye kuti tinakutumiza kusukulu zaka zonse zija kuti ukanyowetse ana a anthu ndi mvula yabodza? Ndaseka ndekha pa kauntala mpaka Bambo andifunsa ngati zonse zikuyenda bwino m'mutumu. Komabe ndakondwa kuti wafunsa. Aka n'koyamba kuti ufunse za kuno mopitirira "muli bwanji," ndipo ndaona kuti ukufuna kubwera utakonzeka. Wachita bwino, chifukwa mdalayu safuna munthu wobwera chimanjamanja.

Ndiye tamvera. Ukawatchulira mafoni amakoka tayi, n'kutsokomola kamodzi, n'kunena kuti, "Foni ili ndi bowo, ilibe diso." Akatero nkhani yatha. Kukabwera kasitomala amamukhazika pa mpando, n'kumugwira chibwano ndi zala ziwiri, kumupendeketsa uku ndi uku ngati akusankha dzungu pamsika, munthu wongofuna kachithunzi ka pa chiphaso. Ena amatopa n'kunyamuka asanajambulidwe.

Makina aja alipo, anawafunditsa nsalu ya pa tebulo ya malemu Amayi. Mankhwala ake sapezekanso. Koma Bambo akuti sangatseke situdiyo makinawo asanabweze zimene anawagulira. Ndinawafunsa kuti abweza bwanji ali chigonere, anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Wamafoni ndiye sakutipatsa mpata. M'mawa uliwonse amasuzumira pakhomo n'kumayeza khoma ndi maso. "Madala, mwadzuka bwanji? Ndangodutsa." Kudutsa kwake kupita kuti, poti shopu yake ndi khoma lomweli?

Dzulo a kampani aimbanso kufunsa ngati ndatsimikiza. Ndinathamangira kuseri kwa nsalu ya mathithi n'kumayankha monong'ona ngati wakuba. Ndawauza kuti ndikudikira mchimwene wanga. Ndikakhala ndimapezeka ndaimirira, ndikaimirira sindidziwa chimene ndaimirira. Undiuze tsiku lenileni limene ukufika.

Chemwali wako

14 Malichi

Achemwali,

Moni nonse. Pepani kwambiri, tchuthi chija chandidutsa m'manja. Abwana amva za masewero athu ndipo akufuna kudzaonera okha tikangotsegulira, ndiye ndinayenera kukonzekera. Ndibwera kumayambiriro kwa Epulo, nthawi ikadalipo.

Zinthu kuno zasintha moti simungakhulupirire. Holo ikudzaza, ena akumaonera pa mawindo, ena si a kalasi yanga n'komwe. Maambulera tinawasiya. Ndazindikira kuti ana amagwira msanga nkhani ikakhala ya anthu enieni, ndiye tikusewera za bizinesi ya banja lina imene nthawi yaipitirira. Pali phunziro limene chaka chilichonse limawavuta, loti zimene unawononga kale zisakulamulire chochita mawa, poti sizibwerera ngakhale uzilirire. Chaka chino alimva tsiku limodzi. Mnyamata wina wamfupi amasewera mwini bizinesiyo, ndipo akangoimirira anthu amayamba kuseka asanayankhule.

Mundithandizenso pang'ono. Inuyo mukaganiza zochoka, chimene mumaopa kwenikweni n'chiyani? Kuti Bambo akwiya, kapena kuti atsala okha? Nanga Wamafoni amati akawasiyira kona iti, ya kukhomo kapena ya kuseri? Mundiyankhe msanga, kondakitala asagone nayonso.

Mlongo wanu

3 Epulo

Iwe,

Moni ndilibe.

Lachiwiri Wamafoni analowa mu situdiyo akuseka, foni ili m'manja. Anati, "Madala, taonani izi zikuzungulira, munthu uyu akufanana nanu!" Ine ndinali kuseri ndikudula tizithunzi. Pomwe ndimafika n'kuti Bambo atavala kale magalasi.

Tinaona holo yodzaza. Kamnyamata kakafupi kavala tayi, kakukoka tayiyo, kakutsokomola kamodzi. "Foni ili ndi bowo, ilibe diso!" Holo yonse kugwa nako kuseka. Kenaka kagwira mnzake chibwano ndi zala ziwiri. Pambali pali desiki yofunditsidwa nsalu. Ndipo pakona, amene akuwomba m'manja kuposa onse, ndi mwana wa Bambo, wophunzira uja takhala tikumudikira.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikungokutukwana basi. Koma kunabwera mtsikana, nayenso wosewera, n'kubisala kuseri kwa bolodi akunong'ona pa foni: "Inde bwana, ntchitoyo ndikuifuna, koma bambo anga sindinawauze. Mundisungire mpaka Epulo." Wamafoni anasiya kuseka. Ndi chitsiru koma anazindikira. Anatenga foni yake n'kutuluka chobwerera m'mbuyo.

Bambo anavula magalasi, n'kuwapinda, n'kufunsa osandiyang'ana kuti, "Za Epulozi n'zoona?" Ndinati inde. Anati, "Chabwino." Kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso kanthu. Tayi anasiya kuvala. Pakhomo saimanso, amakhala pa mpando wa makasitomala kuyang'ana khoma. Kunyumba timadya ngati anthu okumana pa depoti.

Miyezi iwiri ndakhala ndikusunga nkhani imeneyi kuti idzawafike bwino, kudzera pakamwa pa mwana wawo amene amamunyadira. Yawafika kudzera pa foni ya munthu amene akufuna chipinda chawo, anthu mazana akuseka. Ine kumakulembera usiku ndi usana, kumati mchimwene wanga wayamba kutiganizira, osadziwa kuti ndikukulembera zophunzitsira! Unandifunsa chimene ndimaopa. Ukanadikira yankho bwenzi nalonso litaseweredwa Lachisanu, eti?

Tsopano ndingachoke bwanji, munthu ali chonchi? A kampani ndiwauza kuti atenge wina. Usandifunsenso kanthu. Za kuno zatha, ukapeze banja lina.

Ndasaina ndine ndemwe, ukundidziwa.

12 Epulo

Achemwali,

Ndikupatsani moni ngakhale mwandimana wanu. Foni yanu ndaimba kambirimbiri, simukuyankha. Ya Bambo ndimaigwira n'kuibwezanso m'thumba.

Sindinatchule dzina la munthu kapena la malo. Ndinaletsa kujambula m'kalasi, koma mwaona nokha mmene andimverera. Ndinkadziuza kuti ndikumvetsa nkhaniyo kuti ndidzaiyankhule bwino kwa Bambo, ndipo mbali ina zinali zoona. Mbali ina ndinkafuna holo yodzaza. Ndalakwa, ndipo manyazi andigwira.

Koma a kampani musawayankhe kaye. Tamvani zimene zachitika.

Kalata yanu inafika m'mawa wa tsiku limene abwana anabwera kudzaonera. Ndinafuna kusintha sewero, koma ana anakana, abwana ali kale pa mpando wakutsogolo ndi cholembera. Phunziro la tsikulo linali loti mtengo weniweni wa chimene wasankha ndi chimene wachisiya. Ndinangoti yambani, ine n'kukaima kukhoma.

Wamfupi uja anayamba zake za tayi, anthu n'kumaseka. Mtsikana wosewera mwana wamkazi anamuyang'ana nthawi yaitali osaseka. Kenaka anati, "Bambo, ndapeza ntchito. Ndikupita Lolemba." Wamfupi anati, "Tidikire wophunzira." Mtsikanayo anati, "Mudikireni inuyo." Anatenga chikwama chake chenicheni, n'kutsegula chitseko chenicheni cha holo, n'kutuluka. Tinadikira kuti abwerera. Sanabwerere.

Wamfupi anatsala yekha kutsogolo. Lamulo lija limamukaniza kunena kuti sizinachitike. Anayang'ana chitseko, anayang'ana desiki yofunditsidwa ija, nthabwala zonse zitamuthera. Kenaka anatembenukira kwa ine, pakona panga, n'kunena kuti, "Wophunzira, wafika? Takhala tikukudikira. Tiuze tichite chiyani." Sindinamuuze kuti m'banjamo muli mwana wotero kupatula mawu aja oti tidikire wophunzira, anangondiona ndaima pafupi. Holo yonse inanditembenukira. Ine amene ndimauza ana kuti asakane chimene apatsidwa, ndinayang'ana wotchi n'kunena kuti nthawi yatha.

Mtsikana uja ndinamupeza panja atakhala pa masitepe. Ndinamufunsa chifukwa chake sanabwerere. Anati, "Sala, ndikanabwerera bwenzi ndikadali momwemo mpaka pano."

Abwana akondwa, akuti ndilembe lipoti kuti ena atengere. Ine sindinakondwe ndi pang'ono pomwe. Mayeso akuyamba sabata yamawa ndipo sindingachoke ndisanachonge, koma ndikangomaliza ndikwera basi yoyamba. Chonde a kampani musawakanire. Ndidikireni.

Mlongo wanu

25 Epulo

Achemwali,

Moni. Kondakitala akuti kalata yanga anakupatsani m'manja, ndipo munaiika m'thumba osatsegula. Ngati simunawerenge, werengani. Ngati munawerenga, ndiyankheni ngakhale mzere umodzi, ngakhale wotukwana. Mapepala a mayeso andiunjikira mpaka pawindo, ndikuchonga koma mutu uli kumeneko. Mwezi ukutha. Mwawauza chiyani a kampani? Bambo ali bwanji?

Mlongo wanu

7 Meyi

Mwana wanga,

Ndikupatsa moni. Ine ndili bwino, bondo ndi lomwe lija. Ndikhulupirira ntchito ikuyenda. Sindinalembe kalata zaka zambiri, ukhululuke zilembo.

Makalata ako awiri mlongo wako anawasiya pa kauntala. Yoyamba anaitsegula mochedwa, yachiwiri ndatsegula ndine. Ndiye ndati ndikuyankhe, poti iye kuno kulibe. Anapita Lamlungu lapitalo ndi basi ya m'mawa, ntchito wayamba.

Usaganize kuti ndi sewero lako lamuchotsa. Iye anali atalemba kale uthenga wokana, ndinauona pa kompyuta asanautumize. Ndinamuuza kuti afufute. Anati, "Nanga inu?" Ndinati ine ndine wamkulu. Anati tidikire wophunzira, ndinati ameneyo tamudikira mokwanira. Tinakangana mpaka kasitomala amene analowa anatulukanso. Pamapeto pake analira, n'kufufuta.

Za kanema uja ndinakwiya, sindikubisira. Munthu kukalamba n'kudzaona ana osakudziwa akuseka kutsokomola kwako, zimawawa. Komanso mnyamatayo ndi wamfupi kwambiri, ndipo tayi samanga bwino. Koma chimene chinandipweteka si iyeyo. Ndi mtsikana wonong'ona kuseri kwa bolodi. Mwana wanga ndakhala naye chipinda chimodzi zaka zonsezi, ine pakhomo iye pa kauntala, ndipo kuti ndidziwe zimene zili mumtima mwake ndinachita kuonera pa foni ya Wamafoni. Pamenepo sindingakunamizire iwe.

Chipinda ndamupatsa Wamafoni, kona ya kukhomo ndi yanga. Makina akuti pali wogula zitsulo amene angawatenge. Amalemera, ndipo nsalu ya mathithi inakhomedwa m'mwamba, ndekha sindingakwere. Ukamaliza kuchonga ubwere udzandithandize. Usabwere ndi malangizo, ubwere ndi zovala zogwirira ntchito.

A kampani anafuna kachithunzi ka pa khadi la kuntchito. Mlongo wako anati adzijambula pa foni, ine ndinati ayi, khala pa mpando. Nditasuzumira mu kamera ndinaona mayi wamkulu, imvi zitayamba m'mbali mwa makutu. Ndinakhala nthawi yaitali osadina, mpaka anafunsa ngati kamera yawonongeka. Madzulo ake ndinafufuza m'mabokosi onse. Zithunzi zako zilimo zambiri, kuyambira uli wakhanda mpaka tsiku la gauni. Iye amapezeka m'mbali mwa zithunzi za anthu ena, atagwira nyali kapena akukonza mkwatibwi velo. Chake yekha ndi chimenechi basi, ndipo wapita nacho.

Ukamamulembera usamufunse mafunso. Umuuze za iweyo, mwina adzayankha.

Ndine,
Bambo ako